Ndimu, soda ndi kabotolo kolembedwa "organic": mmene nkhope yanga inapsera ndi mmene inapolera

Ndinabwera ku Mzuzu mu 2022 kuchokera kwathu ku Dedza, nditapeza ntchito m'sitolo ina yogulitsa mabuku ndi zolembera m'tauni. Kuzizira sikunali kwachilendo kwa ine, pajatu Dedza nakonso kumazizira koopsa. Chimene chinasintha ndi kakhalidwe kanga. Ndinapeza nyumba ya lendi ku Chibavi, ndipo tsiku lililonse ndinkadzuka mbandakucha, kusamba madzi otentha kwambiri ndi sopo yemweyo amene ndinkachapira zovala, kenako kukwera sakaramento mphepo ya June ikundiomba kumaso mpaka kukafika ku ntchito. Khungu linayamba kutuwa, masaya kuuma ngakhale nditadzola, koma pamphumi ndi pachibwano pankatuluka ziphuphu. Chiphuphu chilichonse chikapola chinkasiya kadontho kakuda. Kunena zoona, vuto langa lonse linali lomwelo basi: khungu louma, ziphuphu zochepa ndi timadontho.

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mafuta odzola amene ndinkagula m'sitolo anakwera mtengo mpaka ndinayamba kuwadutsa pashelefu osawayang'ana. Nthawi yomweyo mnzanga wa ku ntchito anandilowetsa m'gulu la WhatsApp la amayi okambirana za kukongoletsa khungu ndi zinthu za kukhitchini. Maganizo ake anandigwira mtima. Bwanji kuwononga ndalama pa zinthu zochokera kunja pamene msika wa Mzuzu wadzaza mapeyala, mandimu, uchi ndi khofi wolimidwa konkuno kumpoto? Mpaka lero maganizo amenewo sindiwatsutsa onse. Koma m'gulumo munalibe ndi mmodzi yemwe amene ankasiyanitsa chinthu chofewetsa khungu ndi chinthu chowotcha khungu. Chilichonse chomera m'nthaka chinkatengedwa kuti n'chabwino.

Njira imene inkatchuka kwambiri yochotsera madontho inali yofinyira ndimu m'kapu, kuthiramo soda wophikira therere ndi shuga pang'ono, n'kukhula nazo kumaso. Ena ankawonjezera khofi wopera. Nditayesa koyamba ndinamva kuluma ndi kutentha, ndipo nditafunsa m'gulumo mayi wina anayankha kuti, "Asisi, kukamaluma ndiye kuti zikugwira ntchito, pirirani." Ndinapirira. Ndikasamba nkhope inkaoneka yosalala ndi yowala, choncho ndinayamba kuchita zimenezi pafupifupi m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito.

Chimene ndikanakonda kudziwa nthawi imeneyo n'chakuti khungu la munthu lili ndi chitetezo chake chopyapyala cha mafuta ndi asidi wochepa. Pa muyezo wa pH, umene umasonyeza ukali wa asidi, khungu limakhala pafupi ndi 5. Madzi a ndimu ali cha pa 2, ndiye kuti ndi asidi waukali, pomwe soda ali cha pa 8 kapena kupitirira, mbali inayo yotsutsana ndi asidi. Zonse ziwiri zimagumula chitetezo chija, ndipo shuga ndi khofi zimasiya timikwingwirima tosaoneka ndi maso. Kuwala kumene ndinkakondwera nako kunali kwa khungu losupuka. Ndimu ilinso ndi vuto lina: m'madzi ndi m'makoko a zipatso za mtundu wake muli mankhwala amene akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu. Ine ndinkadzipaka m'mawa, kutsuka mothamanga, n'kutuluka panja. Mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo anthu timanyengeka ndi kuzizira ndi mitambo n'kumaganiza kuti dzuwa la kuno lilibe mphamvu.

Cha mu February 2024 ndinatumidwa kukasiya katundu ku sukulu ina ku Luwinga ndipo ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Usiku umenewo masaya anatentha moti sindinagone. Kutacha anali atatupa, pena patatuluka timatuza. Zitaphwa zinasiya zigamba ziwiri zakuda, chimodzi tsaya lililonse, ndi mzere wotsika kukhosi mmene madzi a ndimu anayenderera. Timadontho timene ndinkafuna kuchotsa tinali tating'ono kuposa chikhadabo, koma tsopano ndinali ndi zigamba zoti munthu ankazionera patali. Makasitomala ena ankandifunsa ngati ndapsa ndi madzi otentha. Mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, ngati abambo akunyumba akukumenya usabise." Ankandifunira zabwino, koma nditabwerera kuseri kwa kauntala ndinalira.

Pamenepa m'pamene ndinayenera kupita kuchipatala, koma manyazi anandikankhira kwina. M'gulu lomwe lija munali mayi wina amene ankagulitsa mafuta osakaniza yekha. Kabotolo kake kanali kokongola, kali ndi chithunzi cha karoti ndi tsamba, ndi mawu akuti "100% organic", kutanthauza kuti zonse ndi zachilengedwe. Panalibe mndandanda wa zimene zili m'katimo, panalibe tsiku lotha ntchito, panalibe chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Nditamufunsa anati muli karoti, turmeric, uchi ndi mafuta a malambe, zina ndi chinsinsi cha bizinesi. Kabotolo koyamba ndinagula K12,000.

Sindibisa, mafutawo anachita zodabwitsa. Sabata isanathe kuyabwa kunatha, ziphuphu zinaphwa, ndipo pofika sabata yachiwiri zigamba zinayamba kuzimiririka. Nkhope yonse inayera kuposa khosi. Anthu a kutchalitchi ankandiyamikira kuti ndanona. Ndinatumiza zithunzi zanga m'gulu, ndipo ndikudziwa kuti amayi ena anagula mafutawo ataona zithunzizo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndikulembera nkhaniyi. Karoti ndi uchi sizingayeretse munthu m'masabata awiri. Khungu limatenga pafupifupi mwezi wathunthu kuti lisinthe chigawo chake chapamwamba, ndipo madontho otsala ndi ziphuphu pakhungu lakuda ngati lathuli amatenga miyezi 6 mpaka 12, ena kupitirira. Mukaona mafuta akuchita m'masiku ochepa ntchito ya chaka, dziwani kuti muli mankhwala amphamvu amene wogulitsayo sanakuuzeni.

Ndinadzola mafutawo nyengo yonse yozizira ya 2024. Mtengo unakwera kufika K15,000, ndipo ndikawerengera zonse pamodzi ndi sopo wake amene ankati ayenera kuyendera limodzi, ndinawononga ndalama zoposa K80,000, zochuluka kuposa zimene ndinkathawa m'sitolo muja. Zizindikiro zinabwera pang'onopang'ono. Khungu la m'masaya linapyapyala mpaka timitsempha tofiira tinayamba kuonekera. Ndikayandikira mbaula nkhope inkatentha ngati ndapakapo tsabola. Pamwamba pa mlomo ndi m'mbali mwa masaya panamera ubweya. Kenako panabuka tiziphuphu ting'onoting'ono tofanana, todzaza pamphumi ndi kuzungulira pakamwa. Pakhosi panali kachigamba kozungulira koyabwa, ndipo ndikadzolapo mafutawo kankazizira tsiku limodzi kenako n'kukula. Nditamudandaulira wogulitsa uja anandiuza kuti khungu likutulutsa zoipa, ndigule kabotolo kamphamvu kwambiri ka K20,000.

Ndalama imeneyo ndinalibe, ndipo kusowa ndalamako n'kumene kunaulula zonse. Mafuta atatha ndinakhala masiku angapo osadzola. Nkhope inafufuma, inafiira, inayamba kusenda ndi kutuluka timadzi, ndipo kuyabwa kwake kunali kosapiririka. Ndinapempha tchuthi ku ntchito n'kudzitsekera m'nyumba. Alandilodi anga, mayi amene anagwirapo ntchito yosesa m'chipatala zaka zambiri, anagogoda n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Anati, "Achemwali, izi si zamatsenga ndipo si zoti mukagule mafuta ena. Mawa tilawirira kuchipatala, mutenge kabuku kanu ndi kabotolo kameneko." Kabotolo komaliza ndinali nditakataya kale kudzala, koma anandituma kukakatola.

Tisanafike kumeneko, ndinali nditadutsa kale pa kachipatala kena kolipira kumene ndinasiya ndalama pafupifupi K25,000 n'kupatsidwa mafuta a m'kachubu oti achepetse kuyabwa. Sanandifunse zimene ndinkadzola, inenso sindinanene. Anandithandiza masiku ochepa, kenako zonse zinabwerera. Patapita nthawi ndinadzamva kuti m'kachubumo munali mankhwala a gulu lomwelo limene linandipweteka. Wachipatala aliyense amene mwamupeza, muuzeni zonse zimene mwapaka kumaso, ngakhale ndimu ndi soda, ngakhale asanakufunseni. Popanda zimenezo amangoona khungu lotupa n'kupereka chozimitsira kutupa.

Kuchipatala cha boma anatitumiza kwa dokotala woona za khungu, ndipo sindinalipire kanthu kuti andione. Anali bambo wodekha. Anayang'ana masaya, anayang'ana khosi, ananunkhiza kabotolo kaja, n'kundifunsa kuti ndinayera patapita nthawi yaitali bwanji. Nditayankha kuti masabata awiri anagwedeza mutu. Anati popanda kukayeza sanganene motsimikiza zimene zinali m'kabotolomo, koma zonse zimene akuona pankhope yanga ndi zimene amaona kwa anthu amene adzola steroid wamphamvu, mankhwala ozimitsa kutupa ndi kuyabwa, kwa nthawi yaitali. Anatchula clobetasol ndi betamethasone, mankhwala enieni a m'chipatala amene amaperekedwa pa matenda ena a khungu kwa nthawi yochepa, ndipo kumaso amawapewa. Osakaniza mafuta amagula timachubu totchipa, kutifinyira m'beseni la mafuta wamba, kuthira kafungo kabwino, n'kumata pepala la masamba obiriwira. Khungu likazolowera mankhwalawo, tsiku limene wasiya limabwezera moto, ndipo munthu amathamangira kukagula kabotolo kena. Kachigamba ka pakhosi kaja anati ndi chipere, ndipo steroid amachikulitsa chifukwa amafooketsa chitetezo cha khungu.

Anandiuzanso za mankhwala ena awiri amene amapezeka m'mafuta oyeretsa. Wina ndi hydroquinone, amene ukamudzola kwa zaka angasiye zigamba zakuda mobiriwira zovuta kwambiri kuchotsa. Winayo ndi mercury, amene amalowa m'thupi n'kuwononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa ndi mwana woyamwa. Nditachira ndinawerenga kuti dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola kalekale mu 1990, ndiponso kuti pangano la mayiko la Minamata limalimbana ndi mercury m'zodzoladzola. Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Koma mafuta osakanizidwa m'chipinda chogona n'kugulitsidwa pa WhatsApp sadutsa pa ofesi iliyonse, ndipo mawu akuti "organic" aliyense wokhala ndi makina osindikizira angathe kuwalemba.

Chithandizo chimene anandipatsa chinandikhumudwitsa poyamba chifukwa chinkaoneka chochepa. Kusiya mafuta onse osakaniza. Kusamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wofatsa wopanda fungo, kamodzi madzulo. Kudzola vasilini wamba pang'ono pamalo osenda khungu likadali lonyowa. Mapiritsi a doxycycline kwa masabata angapo, atandifunsa kaye ngati ndili woyembekezera chifukwa amayi apakati samwa mankhwala amenewa. Anati ndizimwera madzi odzaza kapu ndipo ndisamagone nditangomwa. Chipere chinali ndi mafuta akeake. Anandichenjeza kuti, "Mayi, zidzaipa kaye zisanakhale bwino. Mukadzabwerera ku kabotolo kaja tidzayambiranso poyamba." Pa nkhani yosiya steroid musatengere za ine ndendende, chifukwa ena adokotala amawasiyitsa nthawi imodzi, ena amawatsitsa pang'onopang'ono malinga ndi mmene khungu lilili.

Mwezi woyamba unali wowawa kuposa chilichonse m'nkhaniyi. Nkhope inada kuposa mmene ndinabadwira, inkasenda, ndipo m'mawa ndinkapeza timamba papilo. Kunali kutayamba kutentha, dzuwa la October likuswa mtengo, ine n'kumayenda ndi chipewa chachikulu ndi ambulera. Abwana anandilola kugwira ntchito m'chipinda chosungira katundu kwa kanthawi, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Kutchalitchi ndinasiya kaye kuimba kwaya chifukwa sindinkafuna kuima kutsogolo. Usiku wina ndinalemba uthenga kwa wogulitsa uja kuti anditumizire kabotolo kamodzi kokha, ndinauyang'ana nthawi yaitali, n'kuufufuta. Mawa lake ndinatuluka m'gulu lija, nditalembamo kaye zimene adokotala anandiuza. Ena anandinyoza kuti ndikuipitsa bizinesi ya mnzathu. Amayi angapo anandilembera kumbali kuti nawonso akuona ubweya ndi timitsempha.

Kutentha kwa nkhope kunayamba kuchepa m'mwezi wachiwiri. Pofika Khirisimasi ziphuphu zambiri zinali zitaphwa, ndipo adokotala anandilola kuyamba benzoyl peroxide wa 2.5 peresenti pa ziphuphu zotsala, pang'ono, modumphitsa masiku. Dziwani kuti mankhwala amenewa amasuwitsa nsalu, choncho gonerani pilo wa nsalu yoyera. Chodula kwambiri pa zonse chinali mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30, amene ndinkagula kufamase pa ndalama zoposa K20,000. Ndinkaganiza kuti mafuta amenewa ndi a azungu ndi a abale athu achialubino okha. Koma madontho akuda amaderadera akamawombedwa ndi dzuwa, ndipo popanda kudziteteza chithandizo china chonse chimangobwerera m'mbuyo. Mwezi umene ndalama yavuta, chipewa ndi ambulera zimagwira ntchito.

Pa Khirisimasi yomweyo ndinapita ku Dedza. Agogo anga, amene khungu lawo ndi losalala mpaka pano, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala. Anafunsa kuti, "Iwe, ndani anakuuza kuti ndimu ndi yodzola?" Anandikumbutsa kuti iwo ali atsikana ankakazinga nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa n'kuwengula mafuta ake, ndipo ankadzola kuti thupi lisatuwe ndi kuti mapazi asachite ming'alu. Panalibe amene ankayembekezera kuti mafutawo amusinthe mtundu. Pamenepo ndinaona kusiyana kwa nzeru za makolo ndi zimene tinkaphunzitsana pafoni. Iwo ankafewetsa khungu, ife tinkalikhula kuti liyere. Komabe ndisanene ngati ndikukutumani kukakazinga nsatsi: njere zake zili ndi poizoni woopsa ndipo zisamakhale pamene ana angazitole.

Zachilengedwe sindinazisiye. Ndinangozibwezera pa ntchito imene zimatha. M'thupi ndimadzola mafuta a mpendadzuwa ndikangotuluka m'bafa thupi lisanaume, ndipo m'miyezi ya June ndi July ndimawonjezera gilisalini wosungunula ndi madzi pang'ono m'manja. Mafuta a mpendadzuwa ndi opepuka ndipo amathandiza chitetezo cha khungu, n'chifukwa chake anayesedwapo ngakhale pa makanda obadwa masiku asanakwane ku Bangladesh ndi ku Egypt. Kumaso ndimadontheza mafuta a malambe madontho awiri kapena atatu usiku, ogula kwa opanga amene amalemba dzina lawo, zimene zili m'botolo ndi tsiku lotha ntchito. Mafuta a kokonati ndimasiyira miyendo ndi tsitsi, chifukwa kumaso kwanga amatseka timabowo n'kubweretsa ziphuphu. Uchi weniweni ndimapaka nthawi zina kwa mphindi 10 n'kutsuka. Umafewetsa, koma sunandichotsere dontho ndi limodzi lomwe, ndipo pachilonda chotseguka sindiuika. Mapeyala ndimangodya.

Alovera amandithandiza nkhope ikatentha ndi dzuwa, koma ali ndi kachitidwe kake. Mukadula tsamba liimikeni kaye kuti madzi achikasu aja atuluke onse, chifukwa amenewo amayabwa. Chofunika ndi chonenepa choyera cha m'kati, ndipo chigwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Chilichonse chosakaniza kunyumba chimene muli madzi, chipatso kapena mkaka chimaola m'masiku ochepa ngakhale chisakununkha, ndipo pakhungu lovulala chimabweretsa matenda. Adyo, mankhwala otsukira mano, viniga, ndimu ndi soda sizifikanso kumaso kwanga.

Chinthu chatsopano chilichonse, kaya chachokera m'munda kaya m'famase, ndimachiyesa kaye m'kati mwa mkono pafupi ndi chigongono, pamalo pamodzimodzi kawiri patsiku kwa sabata yathunthu. Pakafiira kapena kuyabwa, chimenecho si changa. Ndimayambanso chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikandivuta ndidziwe cholakwa. Anthu amasiyana: mnzanga wina mafuta a malambe omwewa amamutulutsa nsungu, ndipo amene mtedza umawadana asadzole mafuta a mtedza.

Zigamba za ndimu zija zinatenga pafupifupi chaka kuti zizimiririke. Mtundu wa nkhope unabwerera kufanana ndi khosi. Ubweya unachepa wokha, koma timitsempha ta tsaya lamanzere tikuonekabe, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti mwina sitidzatha popanda chithandizo cha makina chimene ine sindingakwanitse. Ndikaphatikiza mafuta osakaniza, kachipatala kolipira, mankhwala a kufamase ndi masiku amene sindinalipidwe ku ntchito, ndinataya ndalama zoposa malipiro anga a mwezi wathunthu, pa vuto limene likanatha ndi sopo wofatsa, vasilini ndi kachubu kamodzi ka mankhwala a ziphuphu.

Ngati muli ndi kabotolo kotere pawindo panu ndipo mwaona kuti mukasiya masiku awiri nkhope imayaka, musagule kamphamvu kuposa pamenepo ndipo musabwereke mafuta a mnzanu. Tengani kabotoloko, ngakhale katatha, pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala, mukapemphe kuonana ndi woona za khungu, ndipo mukamuuze mwezi umene munayamba kudzola. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani zimenezo poyambirira penipeni. Komanso mafuta amenewa asakhudze mwana. Ndaonapo amayi akupaka khanda mafuta awo osakaniza pofuna kuchotsa nsungu za thukuta, pamene khungu la khanda ndi lopyapyala ndipo limalowetsa mankhwala m'thupi mofulumira kuposa la munthu wamkulu.